Ndinaponda pa Mapewa a Amayi

Pali funso limene limandipsetsa mtima, ndipo sililephera kubwera. Ndikangomaliza kuwerenga nkhani yanga pamaso pa anthu, wina amakweza dzanja n'kufunsa kuti, kodi nzeru zolembera mumazitenga kuti? Wofunsayo amakhala ali nalo kale yankho limene akufuna kumva. Akufuna ndinene za mabuku akuluakulu amene ndinawerenga ndili mwana, kapena za maloto, kapena za mtsinje wina wakumudzi umene ndinkakhala m'mbali mwake n'kumaganiza zozama. Ine ndinakulira ku Kanyama, komboni ya anthu osauka m'mbali mwa tauni. Mtsinje wathu unali madzi a mvula amene ankalowa m'nyumba chaka ndi chaka n'kuyandamitsa mapatapata athu, ndipo buku lokhalo la m'nyumba mwathu linali la nyimbo zakutchalitchi, lopanda chikuto. Ndikawauza kuti kulemba ndinakuphunzirira m'masewera opidiguka kuseri kwa msika, amaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Aseke, koma si nthabwala.

Zinali zaka zija zinthu zitafika pa mwana wakana phala. Fakitale imene atate ankagwirako ntchito inatsekedwa, ndipo iwo anabwera kunyumba ovolosi ili m'khwapa. M'mawa uliwonse ankapolishabe nsapato zawo zakuda, kuzivala, n'kukhala pakhomo ndi wailesi yopanda mabatire. Ufa unali wa pamzere, sopo wa pamzere, mafuta ophikira a pamzere. Munthu ukaona mzere unkayamba waimapo kaye, kufunsa zimene akugulitsa pambuyo. Amene anatisunga ndi amayi. Ankalawirira ku msika waukulu wa m'tauni kukaoda matimati, n'kubwerera wapansi bokosi lili pamutu, poti za minibasi zinali za anthu ena. Akafika, powatula tinkachita kugwirizana awiri, ine ndi atate, ndipo atate ankabuula kuposa amene wasenzayo.

Nthawi imeneyo kunabwera bambo wina wochokera ku migodi, nayenso wochotsedwa ntchito. Anali wamfupi, wamatewe, wa mawu aakulu kuposa thupi. Ali mnyamata anaphunzira kupidiguka pa holo ya kumgodi, ndipo atasowa chochita ku Kanyama anasonkhanitsa anyamata pa kabwalo ka kuseri kwa msika. Tonse tinkawatchula ba Kochi. Anakwirira theka la tayala la lole m'nthaka kuti likhale podumphira, napempha utuchi kwa akalipentala kuti wogwa asathyoke khosi. Loweruka lililonse ankaonetsa masewera, iwo akuimba ng'oma. Anyamata ankadumpha m'mikombero ya njinga, kuyenda ndi manja, kuponyerana mabotolo m'mwamba, ndipo pomaliza ankamanga chimene tinkachitchula chulu: akuluakulu pansi atagwirana, apakati pa mapewa awo, ndi mmodzi wopepuka pamwamba penipeni.

Ine ndinkatumidwa malasha, ndipo njira ya ku malasha ndinkaikhotetsa dala kuti idutse pa kabwalo kaja. Tsiku lina kamnyamata kokwera pamwamba kanakana, kakulira kuti kuli kutali. Ba Kochi anatembenuka n'kundipeza nditayang'anitsitsa, chitini cha malasha chili m'manja.

"Iwe kamukazana ka malasha, bwela kuno. Uyopa kugwa?"

"Siniyopa."

"Boza. Aliyense ayopa. Manje faka pansi chitini, kwela."

Ndinakwera, ndipo ndinagwa. Ndinakweranso, n'kugwanso, utuchi uli m'kamwa. Koma kuyambira tsiku limenelo malo apamwamba anakhala anga, ndipo aliyense wowasirira ankayenera kuyamba wamenyana nane.

Kukwera chulu kuli ndi malamulo ake, ndipo si ambiri. Phazi loyamba umaponda pa ntchafu ya wapansi, pafupi ndi chiuno. Lachiwiri umaponda pa phewa, osati pakhosi, osatinso kunsonga kwa fupa, koma pa mnofu uja wapakati. Suyang'ana pansi. Umasankha chinthu chakutali n'kuchigwira ndi maso. Koma lamulo limene ba Kochi ankatha nalo mawu linali lakuti wokwera asamapepese. Poyamba ndinkakwera monyengerera, ndikuopa kupweteka anzanga, phazi likugwedera pa phewa la munthu. Iwo ankandikalipira: "Osapepesa, iwe! Munthu wopepesa alemela. Ponda kamozi, upite!" Ndipo n'zoona. Woponda mwamantha amachedwa pa thupi la mnzake, ndipo ndi amene amagwetsa chulu.

Zimene ndinaona ndili pamwamba sindinaziiwale. Ndinabadwira m'Kanyama koma ndinali ndisanamuonepo. Pansi munthu umaona khoma la neba ndi ngalande basi. Pamwamba ndinaona madenga amalata otsindikizidwa ndi miyala, matayala ndi mapoto obooka. Ndinaona mpanda umene m'kati mwake bambo wina wotchuka ndi ukali ankachapa zovala za mkazi wake mobisa. Ndinaona mzere wa ufa ukukhota kuseri kwa sitolo, ndi nyumba zitalizitali za m'tauni zikuchita mbuu chapatali. Ndinaona amayi akubwera ndi bokosi lawo pakati pa anthu, akuyenda osagwedeza mutu. Ndikatsika ndinkafotokozera anzanga zonsezo, ndikuwonjezera mchere apo ndi apo, mpaka anayamba kundidikira kuti amve zimene ndaona lero. Nkhani zanga zoyamba zinali zimenezo, ndipo pensulo inabwera pambuyo pake.

Pakati pa mzere wapansi pankaima mwana wa neba wathu, mnyamata wamkulu thupi amene ankakankha wilibala pamsika. Tinkamutcha mzati, chifukwa chulu chonse chinkadalira iye, ndipo phazi langa loyamba ndi lachiwiri linkaponda pa iyeyo. Amayi ake anali amasiye. Nyumba yawo ndi yathu zinali pa bwalo limodzi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Anali munthu wosalankhula zambiri. Ndikamuponda ankangoti, "Pita," ndipo ine ndinkapita.

Kenako ndinakula. Amayi anaitana alangizi awiri, wina wa kum'mawa kwathu, wina wa kumpoto, amene anatsutsana pa zinthu zambiri koma anagwirizana pa izi: ukakhala kumwezi usathire mchere m'ndiwo, usalumphe miyendo ya mwamuna, usaimirire pamutu pa akuluakulu atakhala pansi. Za chulu sananene kanthu, poti kumidzi kwawo kunalibe mtsikana wokwera pa anyamata anthu akuomba m'manja. Inenso sindinafunse, chifukwa wofunsa amayankhidwa. Atachoka ndinayang'ana amayi. Iwo anapitiriza kusankha matimati, n'kunena osandiyang'ana: "Sininakuuze kuti yenda, sininakuuze kuti usayende." Loweruka ndinapita.

Mapazi anga ndiwo anayamba kudziwa kuti mzati sali bwino. Mnofu uja wa paphewa, pamene ndinkaponda, unali kutha. Sabata ndi sabata phazi langa linkapeza fupa pamene kale panali pofewa, ndipo ntchafu yake inayamba kunjenjemera. Chifukwa chake sichinali chobisika kwa ife a pabwalo limodzi. Amuna onse ochotsedwa ntchito anali atagula kapena kukhoma mawilibala, moti pamsika mawilibala anachuluka kuposa katundu. Mbaula ya amayi ake inkatha masiku ili yozizira. Iwo ankatsukabe mapoto panja madzulo, mapoto oyera kale, kuti anthu aziti kwadyedwa.

Tsiku lakugwa kunali dzuwa loswa mtengo, ndipo anthu anali ambiri. Ndinakwera bwinobwino, ndinaimirira, ndinatambasula manja. Kenako ndinamva chulu chikupendekera kutsogolo pang'onopang'ono, popanda wokuwa. Mzati anali atagwada. Apakati anagwera uku ndi uku, ine ndinafikira pakamwa kunja kwa utuchi, dzino lakutsogolo n'kuthyoka. Nditadzuka ndikulavula magazi ndinamuona atagona chagada, maso ali gwa, akutsokomola. Anamunyamula pa wilibala yake yomwe kupita naye kwawo.

M'mawa mwake amayi ake anaima pakati pa bwalo, chitenje atamanga m'chiuno, nakuwa kuti Kanyama yense amve.

"Ba neba, chokani panja tikambe! Mwana wanu anidulila mwana! Mukazi mukulu, anachoka mu nyumba ya alangizi manje manje chabe, ayenda kukwela pa mutu pa mwamuna? Onani mwamene aondela! Onani chifuwa!"

Ankanena za mdulo, matenda aja amene amati amagwira munthu wina akamuphwanyira mwambo: wodwalayo amaonda, amatsokomola, mphamvu n'kumuthera. Anthu anayamba kusonkhana, ndipo aliyense anakumbukira mwadzidzidzi kuti iye ananena kale. Mayi wina wa tchalitchi cha mapemphero ofuula, amene za mdulo ankati n'zachikunja, anati kaya ndi mdulo kaya ndi ziwanda, koma mtsikana wotere ngofunika kumusanjika manja. Tsiku limenelo a miyambo ndi a mapemphero anagwirizana kwa nthawi yoyamba, ndipo anagwirizana pa ine.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu amodzi okha, akuti njala. Amayi ananditsina pamkono mpaka ndinaona nyenyezi. Neba anapitiriza kunena zofuna zake: akatenga mankhwala kwa asing'anga, ndipo ine ndikawathire m'phala ndi dzanja langa, ndigwade, ndipepese, kuti mwana wake achire. Atate, amene ankangofuna kuti phokoso lichoke pakhomo, anati, "Chita chabe, mwana wanga, vinthu visile." Ndinakana. Ndinati ngakhale andimange miyendo sindipepesa chinthu chimene sindinachite. Anthu anagwira pakamwa, ati mwana ameneyu ndi nkhutukumve. Amayi sanandikakamize, komanso sanandiikire kumbuyo. Anangolowa m'nyumba.

Ndinathamangira kwa ba Kochi ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti iwo andimvetsa. Ndinawapeza akusoka ng'oma, ndipo sanafune kundiyang'ana kumaso.

"Mwaice wandi, mwana wanga, ine niziba. Nenze kuona mwamene anali kuyendela uja. Koma banyamata bakana. Bamai bao babauza ati mukamunyamula futi uja, musabwele pa nyumba. Ningachite bwanji? Uzilizako chabe chisekese."

Chisekese! Ine, amene ndinaona Kanyama yense kuchokera kumwamba, ndizigwedeza chitini cha miyala m'mbali mwa bwalo. Ndinawauza mawu amene mwana sayenera kuuza munthu wamkulu, ndipo sindiwabwereza pano, ngakhale kuti sindinong'oneza nawo bondo. Pamalo panga anabwezeretsa kamnyamata kolira kaja. Ndinkakaonera patali kakukwera monyengerera, kakugwedeza chulu chonse, ndipo ndinkalakalaka katagwa, Mulungu andikhululukire. Anyamata amene ndinkadya nawo nzimbe anayamba kupinda miyendo ndikamadutsa. Pampopi akazi ankasuntha zigubu zawo.

Lamulungu lotsatira, anthu ambiri ali kutchalitchi, ndinaona amayi akugawa ufa wathu pakati. Anathira theka m'beseni, naikapo nyemba ndi kapenta womanga m'pepala, navindikira ndi chitenje. Anadzera kuseri kwa chimbudzi n'kugogoda pa zenera la neba yemwe uja anatitukwana. Ndinawatsatira n'kumva zonse. "Ba neba, abale atuma unga ku munzi, wapaka, uzaonongeka chabe. Nithandizeniko kudya." Kumudzi kunalibe amene anatitumizirapo ngakhale chitsononkho, ndipo neba ankadziwa zimenezo. Manja anatuluka pazenera n'kulandira beseni. Amayi anachita zimenezo mobwerezabwereza, ife tikudya kamodzi patsiku.

Mnyamata uja anayamba kuchira. Chifuwa chinaleka, masaya anabwerera, ndipo pasanapite nthawi anali akukankhanso wilibala. Ndinasangalala, poganiza kuti tsopano aliyense aona chimene chinkamudya. Ndinali mwana ndithu. Kanyama anaona zina. "Mwaona? Kamukazana kangoleka kukwela, mwana wa bene apola. Nanga tinali kunama?" Ufa wa amayi anga, umene ine ndinaugonera ndi njala, ndi umene unatsimikizira anthu kuti ndine wolakwa. Neba sanatsutse, ndipo mwana wake akakumana nane ankayang'ana tayala la wilibala.

Tsiku limenelo ndinapsa mtima kwambiri. Ndinawapeza amayi akutsuka bokosi kuseri kwa nyumba.

"Amama, muziba chamene chinamupoletsa. Kambani! Muuzeni aliyense!"

"Nikambe kuti chani? Kuti mukazi wamasiye analephela kudyetsa mwana wake? Aziyenda bwanji mu komboni?"

"Nanga ine niyenda bwanji? Mwanigulitsa na beseni ya unga, amama!"

Ndinayembekezera khofi, ndipo ndinali nditakonzeka kulilandira. Silinabwere. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa panga pa dzino lothyoka paja, kenako anapitiriza kutsuka bokosi. Masiku angapo sitinalankhulane. Ndinkawatula katundu osawapatsa moni, iwonso osandifunsa kanthu. Mumtima ndinali nditawaika pamodzi ndi ba Kochi ndi ena onse, ndipo ndinkaona kuti za chulu zatha basi.

Tsiku lina masana, amayi atangotula bokosi, sanakhale pansi monga ankachitira. Anamwa madzi, anamanga chitenje mwamphamvu, napita kukaima kuseri kwa nyumba pafupi ndi khoma. Anapinda mawondo pang'ono n'kudzimenya pantchafu.

"Bwela. Nionetse mwamene muchitila."

Kuponda anyamata inali nkhani ina, koma awa anali amayi anga. Alangizi omwe aja anandiuza kuti ndisaimirire n'komwe pamene akuluakulu akhala pansi, ndiye lero ndiwaike phazi paphewa? Ndinati sindingathe. Iwo anati, "Bokosi ya matimati siinifunsa ngati ingakwele. Fulumila, nili na vochita." Ndinaponda pa ntchafu mwaulemu wonse, ndikugwira khoma, phazi lina likufufuza phewa mwamanyazi. Tinagwera limodzi m'dothi. Amayi anadzuka akudzisasa, atakwiya zenizeni.

"Si iwe unali kutisokosa mu nyumba muno ati wopepesa alemela? Manje upepesa chani? Ponda!"

Ndinaponda. Phazi langa linapeza phewa limene silinaliyembekezere, lolimba kuposa la mnyamata aliyense amene ndinamukwerapo. Anandigwira kuseri kwa akakolo, naongoka pang'onopang'ono monga amachitira akasenza, ndipo sanagwedere. Ndinaona denga lathu ndi miyala yake. Kenako, popanda kundichenjeza, anayamba kuyenda. Ba Kochi anali asanatiphunzitsepo chulu choyenda. Ndinakuwa, iwo n'kuti, "Khala chabe monga katundu. Katundu siithandiza munthu kuyenda." Tinayeserera choncho masana aliwonse kuseri kwa nyumba, kuchokera pa khoma kufika pa chingwe choyanikira, mpaka thupi langa linaphunzira mayendedwe awo. Atate ankasuzumira pakona n'kubwerera ku wailesi yawo akupukusa mutu.

Loweruka lina ng'oma ya ba Kochi itayamba kumveka, amayi anavala chitenje chawo chakutchalitchi, navula duku kuti lisanditchinge. Anatuluka n'kuima pakati pa bwalo lathu, pamalo enieni pamene neba anaima potitukwana, napinda mawondo. Atate anadzuka pampando.

"Amake mwana, mwafuntha? Banthu bazakamba chani?"

"Bakamba kale. Lelo baone."

Ndinakwera, ndipo tinatuluka pa bwalo kulowa mu msewu. Kuchokera kwathu kufika kumsika ndi mtunda woti munthu wosenza amapumira kamodzi, koma amayi sanapumire. Ankayenda mayendedwe awo a masiku onse, akulambalala zithaphwi, akupereka moni ngati palibe chachilendo. "Mwachoma bwanji, ba neba? Bana bali bwanji?" Anthu ankayankha maso ali kumwamba, kukamwa kuli yasa. Ana anayamba kutithamangira. Ometa anatuluka ndi makasitomala ometedwa mbali imodzi. Ine maso ndinagwira nsonga ya nyumba ina yaitali ya m'tauni, manja nditatambasula. Kumbuyo ndinkamva phokoso la nsapato zolimba pa miyala, ndipo pambuyo pake ndinauzidwa kuti anali atate, amene anatitsatira njira yonse manja ali okonzeka kundiwakha, akunamizira kuti akungopita kumsika.

Pampopi panali gulu la akazi, ndipo mayi wa mapemphero uja anafuula: "Mayo! Mwana aponda bamai bake! Ni tsoka iyo!" Amayi anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono kuti ndisagwe, nayankha mosakweza mawu.

"Uyu namunyamula mu mimba, namupapa ku musana. Ngati adula banthu, anidule ine. Muzaniona mailo m'mawa na bokosi yanga."

Pakati pa akazi aja panali neba wathu, chigubu chili m'manja. Iye yekha ndi amene ankadziwa nkhani yonse. Sanaseke, sanaombe m'manja. Anangosuntha chigubu chake kuti tidutse, ndipo sindinganame kuti anadzapepesa tsiku lina, chifukwa sanatero.

Titafika pa kabwalo, anyamata anali akumanga chulu, mzati ali pamalo pake. Anthu anapatuka okha. Ng'oma inaphonya kamodzi. Ndinaganiza kuti ba Kochi asiya kuimba, koma anayang'ana mapazi a amayi n'kusintha kaimbidwe kuti kagwirizane ndi mayendedwe awo. Amayi anazungulira bwalo lonse, nadutsa kutsogolo kwa chulu cha anyamata. Kamnyamata kapamwamba kanatiyang'ana, kanaiwala lamulo, ndipo chulu chonse chinakhala pansi mu utuchi. Anthu anafa nacho chiseko. Akazi a pamsika anayamba kululutira, ndipo wina wogulitsa makala anataya nkhata yake n'kufuula kuti sabata yamawa nayenso aima pansi. Anaimadi, iye ndi anzake ena, ndipo m'miyezi yotsatira Kanyama anaona chulu cha akazi okhaokha, chimene sichinagwepo chifukwa cha mdulo. Anyamata sanandinyamulenso, ndipo ine sindinawapemphe.

Koma chimene ndimafuna kuuza anthu a funso lija chinachitika tisanatsike. Pakati pa nthungululu zija ndinaphwanya lamulo la ba Kochi, ndinayang'ana pansi. Ndinali ndisanaonepo pamwamba pa mutu wa amayi, poti nthawi zonse pankakhala duku kapena nkhata. Pa liwombo panalibe tsitsi. Panali dazi lozungulira, losalala, lakuda, kukula kwake ngati chikhatho changa, pamene bokosi linkakhala zaka zonsezo. Thukuta linali kutsika kuchokera pamenepo kulowa m'khosi. Ndinali nditaona madenga onse a m'Kanyama ndi zinsinsi za m'mipanda ya eni, koma ichi, chimene chinali m'nyumba mwathu momwe, ndinali ndisanachione. Misozi inabwera, ndinayamba kugwedera, ndipo ndinafuna kutsika kuti ndiwagwire mapazi.

Amayi anamwalira kalekale, ndipo sanawerengepo tsamba langa ngakhale limodzi. Ndalemba za anthu amene sanafune kulembedwa, ndatukwanidwa, ena andiuza kuti mkazi salemba zotere, ndipo pena ndikakhala patebulo dzanja limayamba kunyengerera, kufufuza mawu ofewa oti asapweteke munthu. Ndikafika pamenepo ndimamva zala zija zikufinya akakolo anga, monga zinandifinyira tsiku lija atamva kuti ndayamba kugwedera. Sanayang'ane kumwamba, ndipo moni kwa anthu sanasiye kupereka. Anangolankhula chapansipansi, mano ali okukuta, kuti ndimve ine ndekha.

"Yangana kusogolo, iwe. Sininakusenzele kuti ulile."